Lipoti la msonkhano wa ojambula wa ku Lilongwe

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse anzanga a m'gulu lathu la ojambula kuno ku Kasungu, zikomo pondidalira ndi kundituma ku msonkhano uja. Ndapita ndipo ndabwerako bwino. Ndasankha kulemba m'malo modikira kudzalankhula pakamwa Loweruka, chifukwa anzathu a ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya safika pa boma kawirikawiri, chonsecho nawonso anasonkha nawo ndalama ya ulendowu.

Za ndalamazo ndithane nazo pompano. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa a Msungichuma. Okonza msonkhano ankatipatsa tiyi ndi nsima ya masana basi, chakudya chamadzulo chinkatuluka pa alawansi. Yotsalayo ndinagulira gulu timitengo ta makala ojambulira ndi labala wofewa uja wokanya ndi zala, ndipo ndazisiya kwa a Mlembi. Wofuna kuona akaone.

Mwambo wotsegulira unali wa zolankhula za alendo. Panali gawo la lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, mfundo yake yaikulu n'kuti tizisaina ntchito zathu ndi kufunsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, za ufulu wathu. Panalinso la kutsatsa malonda pa Facebook, zimene achinyamata athu amazidziwa kale. Mapepala a magawo amenewa ndabwera nawo.

Chimene chinachititsa kuti ndalama yanu isalowe m'madzi ndi gawo la kayambidwe ka chithunzi cha nkhope. Ankaphunzitsa ndi mayi wina wachikulire ndithu, amene manja ake amaonetseratu kuti makala anayamba kuwagwira kalekale. Sanabwere ndi kompyuta. Anapempha abambo ena amene amalondera pamalopo kuti akhale pampando, anatseka makatani onse, anathimitsa magetsi a kudenga, n'kuyatsa babu limodzi lokha atalikweza pamwamba pang'ono pa mutu wa abambowo, chakumanzere. Anatiuza kuti tiyambe, iwo n'kumazungulira kumbuyo kwathu osanena kanthu. Patapita kanthawi anatiimitsa kuti tiyale mapepala pansi. Pa mapepala ambiri panali diso limodzi lokongola zedi, la nsidze zake ndi kadontho ka kuwala mkati, koma mutu panalibe. Ena anali atafika pa diso lachiwiri, ndipo zinkachita kuonekeratu kuti chibwano chikathera kunja kwa pepala.

Apa ndi pamene anatenga makala eniake. Anaima patali ndi bolodi, mkono atauwongola, kamtengo ka makala atakagwira kumapeto, osati mmene timagwirira cholembera. Anaika timizere tinayi: pamene mutu wathera kumwamba, pamene chibwano chathera kumunsi, ndi mbali ziwirizo. Asanapitirire anatambasula mkono, anatsinzina diso limodzi, n'kuyeza ndi chala chachikulu pa pensulo kuti aone m'lifupi mwa mutuwo poyerekeza ndi m'litali mwake. Kenako anazungulira mutu wonse, khosi ndi mapewa ndi mizere yowongoka yokhayokha, yowerengeka chabe. Tsaya limene ife timalizunguliza ndi mzere umodzi wokhota, iwo analidula pawiri: mzere wina kutsika kuchoka pa fupa la tsaya, wina kupendekeka kulunjika ku chibwano. Anati mzere wokhota umanyenga, umakoma m'maso ngakhale uli polakwika, pamene wowongoka ukapendekeka udyo umadziulula msanga, ndipo ukhoza kuutsimikiza poimika pensulo chilili patsogolo pa munthuyo n'kuona kuti tsayalo lathawa motani.

Atatero anaika mzere wapakati, wochoka pamphumi kudutsa pamphuno mpaka pachibwano, ndi wina wopingasa pa nsidze. Mtanda umenewu ndi umene umanena kumene mutu wayang'ana, ngati waweramira kapena wagadamira. Ndiyeno anatsinzina maso onse awiri, kungosiya kampata, n'kutiuza kuti nafenso titero. Yesani inunso mukamawerenga pano, muyang'ane amene mwakhala naye pafupi. Makwinya amasowa, ndevu zimasowa, pamatsala zigawo ziwiri zokha, powala ndi pamthunzi. Mayi aja anajambula malire a mthunziwo n'kuudetsa wonse mofanana, osasamala kuti apa pada kwambiri, apa pang'ono. Maenje a maso anasanduka zigamba zakuda. Chimodzi chinalumikizana ndi mthunzi wa m'mbali mwa mphuno, umene unatsika kukagwira kunsi kwa mphuno, mlomo wam'mwamba, kadzenje ka kunsi kwa mlomo wam'munsi, mpaka kukalowa m'khosi. Diso sanajambule ngakhale limodzi. Nthawi yomweyo analowa mayi wobweretsa tiyi, anaponya maso pa bolodi, n'kutchula dzina la abambo aja asanaone n'komwe kuti eniake akhala pomwepo kuseri kwa chitseko. Tonse tinangoti kukamwa yasa, kenako m'manja.

Anzanga, nkhani yonse yagona pamenepa. Kufanana kwa chithunzi ndi mwiniwake sikukhala mu nsidze kapena m'timabowo ta khungu. Mbale wako umamuzindikira ali kutsidya kwa msewu pa depoti, dzuwa litalowa, usanaone kuti diso lake ndi lotani. Chimene wazindikira ndi kaumbidwe ka mutu, kukula kwa mphumi, kuzama kwa maso, mmene chibwano chatulukira. Zimenezi zikaphonyeka pa mphindi zoyambirira, ukhoza kutha sabata yathunthu ukusalaza khungu ndi thonje, kasitomala adzangoti chithunzi n'chokongola koma amayi anga si awa. Mawu amenewa tonse tinawamvapo, ndipo timathamangira kunena kuti kasitomalayo ndi wovuta, akufuna kuthawa kulipira. Ine ndabwerako ndikukhulupirira kuti nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Njirayi si yachilendo. Ku Paris, pakati pa 1866 ndi 1871, Charles Bargue mogwirizana ndi Jean-Léon Gérôme anatulutsa mapepala ophunzitsira ojambula, ndipo ambiri mwa mapepalawo amaonetsa chinthu chimodzi kawiri, koyamba chili m'mizere yowongoka, kenako chitamalizidwa ndi mithunzi yake. Vincent van Gogh anawakopera mobwerezabwereza mu 1880 ndi 1881 pamene ankadziphunzitsa yekha kujambula, ndipo Pablo Picasso anawakoperanso ali kamnyamata ku Spain. Za Van Gogh zinandikhudza, chifukwa ambirife sitinalowepo m'kalasi la zojambula. Tinayambira kumbuyo kwa makope a sukulu. Ngati munthu wophunzira payekha anaona kuti pofunika kuyambira ndi apa, ife tilibe chifukwa chodumphira.

Anatisonyezanso njira ya Andrew Loomis wa ku America, ya m'buku lake la mu 1956 la kajambulidwe ka mutu ndi manja. Iye amayamba ndi mpira, amausenga mbali ziwiri pamene padzakhale makutu, n'kulumikizako nsagwada. Nkhope amaigawa patatu mofanana: poyambira tsitsi kufika pa nsidze, pa nsidze kufika kunsi kwa mphuno, ndi pamenepo kufika pachibwano. Khutu limagwera m'chigawo chapakaticho. Maso a munthu wamkulu amakhala cha pakati penipeni pa mutu wonse, osati kumwamba kumene ophunzira amakonda kuwakweza, ndipo a mwana wamng'ono amatsikirapo. Patebulo panalinso mutu wa pulasitiki wa mtundu umene John Asaro anaupanga mu 1976, wosemedwa mbalimbali zathyathyathya, moti ukauyatsira babu mbali iliyonse imatenga mdima wakewake.

Pa Loomis pamenepa panabuka mkangano. Mnzathu wina wa ku Mzuzu anaimirira n'kunena kuti miyeso imeneyi inatengedwa pa nkhope za azungu, ndipo wotsatira bukulo amatulutsa anthu a mphuno zoonda ndi milomo yopyapyala amene kuno kulibe. Mayi aja anayankha kuti muyesowo suli lamulo. Umauika pa nkhope ya munthu kuti uone pamene munthuyo wasiyana nawo, ndipo pamene wasiyanapo ndi pamene pali iyeyo. Yankho ndi labwino, koma ine ndinaima ndi wa ku Mzuzu uja pa theka lake. Yendani m'tauni muno muone mitu ya pa makoma a ometa tsitsi: yambiri ndi nkhope imodzi yomweyo, yongosintha kametedwe. Tikayamba kuphunzitsa ana athu mpira wa Loomis popanda munthu wamoyo pampando, tidzangowonjezera nkhope imeneyo. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi kuyeza chimene tikuchiona, Loomis abwere pambuyo. Ndinawauzanso kuti nzeru yoyambira pa zazikulu ilipo kale m'manja mwa osema athu. Wosema mutu wa munthu amayamba ndi nkhwangwa kugwetsa zibenthu zikuluzikulu, kenako kasemasema, mpeni n'kubwera pomaliza, ndipo simungamupeze akukongoletsa diso pa chipika chosasenga. Amene munafikako ku Kungoni ku Mua, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, munawaona osema akugwira ntchito chotere.

Tsiku lotsatira linali la mithunzi yokhayokha. Ilipo mitundu iwiri ndipo siyenera kujambulidwa mofanana. Wina ndi wa pamene nkhope yakhota yokha kuthawa kuwala, monga tsaya likamazungulira kupita ku khutu, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mofewa. Wina ndi woponyedwa, umene mphuno imaponya patsaya kapena chibwano pakhosi, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, makamaka pafupi ndi chimene chauponya. Mkati mwa mthunzi mumalowanso kuwala kobwerera kuchokera ku malaya oyera kapena ku khoma, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Chifukwa kwazunguliridwa ndi mdima, diso limakuona ngati kuwala kwambiri, dzanja n'kuthamangira labala, kufufuta mpaka pepala kuyera, nkhope n'kuphwatalala. Lamulo limene anatipatsa ndalilemba pa chikuto cha kope langa: malo owala kwambiri a mumthunzi azikhalabe akuda kuposa malo akuda kwambiri a powala. Atasuntha babu pang'ono, patsaya la kumthunzi la abambo aja panatuluka kachigamba kowala ka ngodya zitatu, pansi pa diso. Kameneka kamapezeka m'zithunzi zambiri za Rembrandt wa ku Holland, amene anamwalira mu 1669, ndipo ojambula ndi kamera mpaka lero kuyatsa kotereku amakutchula dzina lake.

Funso limene munandituma nalo, la khungu lathu lakuda, ndinalifunsa. Ndinafotokoza mavuto awiri amene timawaona kwa ophunzira athu. Wina amadetsa nkhope yonse ndi pensulo yakuda kwambiri ya 6B kuti munthuyo aoneke wakuda, mphuno ndi masaya n'kumira. Wina amaopa kudetsa, amasiya pepala loyera pamphumi ndi m'masaya, munthu n'kuoneka ngati wadzola ufa. Mayi aja anati vuto likuyambira pa pepala loyeralo. Pa khungu lakuda, ngakhale mbali ya powala imakhala yoderako, ndipo chimene chimaonetsa kaumbidwe ka nkhope kwambiri ndi kunyezimira kwa pamphumi, pa mafupa a masaya, pamsana pa mphuno ndi pa mlomo wam'munsi. Anatenga pepala lakhaki, n'kulisiya lokha kuti likhale khungu la powala. Makala anakhala mthunzi. Pomaliza penipeni anatenga choko n'kugunda malo anayi kapena asanu okha. Mitundu itatu basi, nkhope n'kudzuka pa pepala. Anachenjeza kuti kunyezimirako nakonso kuli ndi maonekedwe ake, pamphumi n'kotambalala ndi kofewa, pamphuno n'kopapatiza ndi kwakuthwa, ndipo woyamba ndi choko asanakhazikitse mthunzi waononga kale.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga poganiza za pepala lakhakilo. Kuno anthu akumanga paliponse, ndipo matumba a simenti a pepala amangotenthedwa kapena kukulungira zinthu pamsika. Thumba lotere limakhala ndi mapepala angapo osanjikizana, ndipo lapakati silikhudzana ndi simenti kapena fumbi lakunja. Ukalisenda bwino n'kulipsinja pansi pa matabwa, ndi pepala lophunzirira limene sitigula. Choko chili m'sitolo iliyonse yogulitsa makope. Ndinene poyera kuti zimenezi n'zophunzirira chabe: pepala lotere limachita chikasu ndi kufumbutuka pakapita zaka, choko chimachoka ukangokhudza, ndiye asapezeke wina akugulitsa kasitomala chithunzi cha pa thumba la simenti m'dzina la gulu. Koma dandaulo lakuti ana sangaphunzire tsiku ndi tsiku chifukwa mapepala adula, lathera pamenepa.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mabokosi, imene ndikudziwa kuti ena sakondwera nayo. Ambiri mwa anyamata athu a pensulo amalemba mabokosi pa chithunzi cha mu foni ndi pa pepala, n'kumakopera bokosi limodzilimodzi. Ku msonkhano kunali ena amene amati njira imeneyi ndi kuba. Ine sinditero. Pokulitsa chithunzi pa khoma nanenso ndimagwiritsa ntchito mabokosi, ndipo ojambula akale ankatero. Koma bokosi limakuuza pamene mzere uli, silikuuza chifukwa chake uli pamenepo. Mnyamata wa mabokosi okhaokha mukamulanda foni n'kumukhazikira agogo ake pampando, dzanja limauma. Chaka chatha nditanena zimenezi pa msonkhano wathu ndinauzidwa kuti ndi nsanje chifukwa anyamatawo ali ndi anthu ambiri owatsata pa Facebook. Mawuwo anandiwawa ndipo mpaka lero sanabwezedwe. Ena mwa anyamata amenewa anayambira pakhonde panga, pa mapepala anga. Ndikanakhala wansanje sindikanawagwira dzanja.

Taganizirani maoda amene amatidyetsa. Ambiri ndi a zithunzi za omwalira, za pa mwambo wa chiliza kapena zopachika pabalaza. Achibale amabwera ndi chiyani? Kawirikawiri ndi kachithunzi ka pa chiphaso cha unzika, cha kalembera wa mu 2017 uja, chifukwa kwa agogo ambiri a kumudzi chimenecho ndiye chithunzi chokhacho chimene anajambulitsapo. N'kakang'ono, munthu wayang'ana kutsogolo, kuwala kwamumenya pankhope ponse mofanana, mthunzi mulibe. Kapena amatumiza chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp m'mafoni asanu mpaka kusungunuka. Ukachigawa m'mabokosi umakopera chifunga. Koma amene akudziwa kuti pansi pa nsidze pali dzenje, kuti mphuno ili ndi msana, mbali ziwiri ndi kunsi, kuti mlomo wam'mwamba umayang'ana pansi n'chifukwa chake umada, ameneyo akhoza kutenga miyeso pa kachithunziko, n'kuyang'ana mwana wa malemuyo amene waima pomwepo, n'kubwezeretsa nkhopeyo. Banja lolira likalandira chithunzi chosafanana silikhala ndi mwayi wokajambulitsa china.

Ngati munthuyo ali moyo ndipo simungamukhazike pansi, chithunzi chake jambulani nokha. Muimikeni pafupi ndi khomo kapena zenera kuti kuwala kuchokere mbali imodzi, m'mawa kapena chakumadzulo. Dzuwa la masana la mu Okutobala kuno limakhala paliwombo, limaika maso m'maenje akuda bii. Fulashi muthimitse chifukwa imapha mthunzi wonse. Bwererani m'mbuyo mapazi angapo, chifukwa foni ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu, ndipo n'chifukwa chake zithunzi zodzijambula wekha zimatulutsa nkhope zimene eniake amazikana.

Ndisananyamuke kuno kupita ku Lilongwe kunamveka mawu akuti gulu lalakwa kutuma wolemba zikwangwani ku msonkhano wa nkhope, akanapita wa pensulo. Ndinangokhala chete, koma pano ndiyankhe. Mutu wa pa khoma la wometa tsitsi umaonedwa ndi munthu amene ali pa kabaza mu msewu wa M1. Ameneyo saona tsitsi limodzilimodzi, amaona powala ndi pamthunzi. Ife a penti takhala tikulimbana ndi zimenezi zaka zonsezi ndi mitundu itatu ya penti, osadziwa kuti ena anazilemba m'mabuku. Kugawana kwakuti awa ndi a luso, awa ndi a zikwangwani, kukutibweza m'mbuyo, ndipo ndi kumene kwachititsa kuti a ku Chinkhoma asiye kubwera.

Pa zimene msonkhano unagwirizana, chachikulu ndi chakuti gulu lililonse la m'boma lizikumana kamodzi pa sabata kujambula munthu wamoyo, ndipo ichi ndinachivomera ndi manja awiri m'dzina lanu. Anagwirizananso kuti pa chionetsero chimene akuchiganizira, wojambula aliyense azipachika chithunzi chomaliza pamodzi ndi pepala la poyambira, la mizere yowongoka ndi mthunzi umodzi lija. Ena anang'ung'udza kuti zimenezi n'zoulula zinsinsi. Ine ndikuona kuti zidzasiyanitsa wojambula ndi wodinda, ndipo tisaziope. Za gulu la pa WhatsApp la nthumwi ndi ndalama yake ya pamwezi ndinati ndikafunse kaye kwathu, chifukwa sindinatumidwe kukalonjeza ndalama za gulu.

Chimene ndinakana ndi mitengo. Anabweretsa ndandanda wa mtengo wotsikitsitsa wa chithunzi cha A4, A3 ndi A2 kuti dziko lonse lizitsatira. Mitengoyo ndi ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene kasitomala amalandira pakutha pa mwezi. Kuno ndalama imayenda ndi fodya. Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, maoda amabwera, anthu amapentetsa magolosale, amamanga ziliza. Mu Januwale ndi Febuluwale munthu amene akufunafuna chimanga simungamuuze mtengo wa ku Area 47 ku Lilongwe. Ndinapempha kuti boma lililonse liike mtengo wake, koma ambiri anapambana, ndipo ndandandawo uli m'mapepala amene ndabwera nawo kuti muuone nokha. Komabe kukana mtengo wa ku Lilongwe sikukutanthauza kuti tizidyerana. Nkhani ya khoma lija, limene mnzathu anali atagwirizana kale mtengo ndi mwini sitolo, wina wa m'gulu lomweli n'kupita madzulo kukalitenga pa theka la mtengowo, komiti inalonjeza kuti idzaikamba. Mvula yagwa, yakata, nkhaniyo ili pomwepo. Mnzathu uja wasiya kusonkha ndipo ine sindimudabwa.

Za makala, timitengo tabwino timene ndagula timachokera kunja ndipo sitingakwanitse kugula nthawi zonse. Anationetsa kapangidwe kake. Umadula tinthambi tonenepa ngati pensulo, kusenda makungwa, kuumitsa, kulongedza m'chitini chotseka bwino chimene waboola kabowo kamodzi pachivindikiro, n'kuchiika pamoto mpaka utsi utasiya kutuluka pakabowopo. Osatsegula chisanazizire, apo ayi tinthambito timayaka n'kusanduka phulusa. Kunja amagwiritsa ntchito nthambi za mpesa ndi za mtengo wa willow. Ife tiyese zimene tili nazo pakhomo, za mabulosi ndi za bulugamu, tione zimene zikulemba mofewa. Makala a pa mbaula ndi olimba ndipo amakanda pepala. Popeza lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 pa nkhani ya makala, a Wapampando akayambe afotokoza ku ofesi ya zankhalango kuti ife tikuotcha tinthambi ta pakhomo m'chitini, wina asadzaganize kuti gulu la ojambula layamba kulowa m'nkhalango ya Chimaliro.

Kuti tsiku lojambula munthu wamoyo liyambe, pakufunika nyali imodzi ya sola yowala mbali imodzi, chifukwa magetsi sitingawadalire, ndi nsalu yakuda yotchingira mazenera. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene tinagulira bokosi la mapensulo lija, limene linatsegulidwa kamodzi n'kusowa, ndipo funso lakuti kiyi anali ndi ndani silinayankhidwebe. Ulendo uno katundu wa gulu alembedwe m'kope, wotenga azisaina. Nthawi ikhale ya m'mawa, chifukwa misonkhano yathu ya madzulo ndi imene yathamangitsa amayi ndi atsikana, ndipo ku Lilongwe ndinaona maboma ena atatuma amayi amene ntchito yawo inatiposa tonse. Ulendo wotsatira nafenso titume mayi. Okhala pampando tizisinthana tokha kuti pasakhale kulipira munthu, ndipo sabata zoyambirira pasakhale wojambula diso, wamkulu kapena wamng'ono. A ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya, ndili wokonzeka kubwera kudzaonetsa zimenezi kwanuko ngati gulu lingathandize thiransipoti.

Loweruka aliyense abwere ndi bolodi lake, mapepala a matumba a simenti osachepera 5 osendedwa kale, ndi choko. A Mlembi, chonde pa ajenda muikepo nyali, mitengo, nkhani ya khoma lija ndi bokosi la mapensulo.